PAUL NGOZI: MNYAMATA WA KU CHIBOLYA AMENE ANAPHUNZITSA GITALA CINYANJA

Mu October 2024, woimba wina wochuka wa ku America, dzina lake Tyler, the Creator, anatulutsa nyimbo yochedwa Noid. Acinyamata a ku Los Angeles, London ndi mizinda ina yakutali anaimvera mwaunyinji. Koma pakati pa nyimboyo panamveka mau a mwamuna akuimba m'cinenero cimene iwo sanacidziwe, pamodzi ndi gitala yolira mosasa ngati njuci zoputidwa pamng'oma. Cinenero cimeneco cinali Cinyanja, ndipo mwini mauwo anali malemu Paul Ngozi, amene panthawiyo anali atagona m'manda zaka 35.

Cidutswa cimene Tyler anatenga cinacokera m'nyimbo ya Nizakupanga Ngozi, imene gulu la Ngozi Family linatulutsa mu 1977. Mbale ya Tyler yochedwa Chromakopia, momwe muli nyimbo ya Noid, inafika pa nambala 1 pa mndandanda wa mbale zogulidwa koposa ku America. Akulu anati mau a akulu-akulu akoma akagonera. Nanga munthu ameneyu anali yani, ndipo ncifukwa ninji nyimbo yake inakhalabe ndi moyo patapita zaka 47?

KUMENE ANACOKERA

Dzina lao leni-leni linali Paul Dobson Nyirongo. Anabadwa mu 1949 ndipo anakulira m'komboni ya Chibolya mu Lusaka. Awerengi amene ali ndi abale ao m'tauni adziwa bwino umoyo wa m'makomboni otere: nyumba zothithikana, madzi okatunga pampopi umodzi, mowa wosatha, ndeu za usiku, ndi makolo ocoka m'mamawa kukafuna nchito. Ambiri mwa anthu a m'makomboni a Lusaka anacokera ku cigawo ca Kum'mawa, ku Chipata, Katete, Petauke ndi Lundazi, ndipo Cinyanja ndico cinakhala cinenero ca pamsika ndi pamseu.

Pamene dziko la Zambia linalandira ufulu pa 24 October 1964, Paul anali mnyamata wa zaka 15. Inali nthawi ya ciyembekezo. Mkuwa unali kugulidwa pa mtengo wabwino kunja, ndalama zinali kuyenda m'matauni a ku Migodi monga Kitwe, Ndola, Chingola, Mufulira ndi Luanshya, ndipo ogwira nchito ambiri anatha kugula wailesi ndi galamafoni. M'masitolo munafika mbale za oimba a ku Britain ndi America. Mnyamata amene kumudzi akanakhoma banjo yake ya citini ndi nsambo za waya, m'tauni anayamba kulota za gitala ya magetsi.

Gitala siinali yacilendo m'dziko lino. Malemu Alick Nkhata anali atachuka nayo kale pa wailesi ya ku Lusaka dziko lisanalandire ufulu, ndipo ogwira nchito m'migodi anali ndi kaimbidwe kao ka gitala yopanda magetsi. Ngakhale Mtsogoleri woyamba wa dziko lino, Dr Kenneth Kaunda, anali kuimba gitala. Cimene cinali catsopano kwa mbadwo wa Paul ndi kulira kwa gitala yolumikizidwa ku zokuzira mau.

NYIMBO ZA BLUES NDI ROCK

Kuti timvetse kaimbidwe ka a Ngozi, nkofunika kudziwa gwero lake. Nyimbo zochedwa blues zinayambira pakati pa anthu akuda a kum'mwera kwa America, zidzukulu za akapolo amene anatengedwa muno mu Africa. Anali kuziimba m'minda ya thonje ya ku Mississippi ndi m'timabala ta kumidzi, podandaula za njala, ngongole, ndende ndi cikondi cotha. Kawiri-kawiri woimba amachula mzere umodzi, naubwereza, kenaka naumaliza ndi mzere wina woyankha. Pakati pa mizereyo gitala ndiyo imavomera, ndipo woimbayo amakankha nsambo ndi cala kuti ilire ngati munthu wobuula.

Amai a kumudzi sangadabwe ndi zimenezi. Pamtondo, mai mmodzi amayambitsa nyimbo, anzake navomera, ndipo m'nyimbo yomweyo amatulutsa zimene sakanatha kunena pamaso pa apongozi kapena mwamuna woledzera. Blues ndi nyimbo ya pamtondo ya anthu amene anataya kwao.

Pamene anthu akudawo anasamukira m'mizinda monga Chicago, oimba onga Muddy Waters anayamba kugwiritsa nchito gitala ya magetsi. Pambuyo pake acinyamata a ku Britain, monga magulu a Rolling Stones ndi Cream, anatenga kaimbidweko naonjezera phokoso ndi liwiro, ndipo panabadwa cimene cichedwa blues rock. Katswiri woposa onse anali Jimi Hendrix, munthu wakuda wa ku America, amene anamwalira ku London mu September 1970 ali ndi zaka 27 zokha. Hendrix ndiye anakopa mitima ya oimba gitala a muno, ndipo a Ngozi anali mmodzi wa iwo. Mu December caka comweco, James Brown anadzaimba ku Lusaka ndi ku Ndola, ndipo acinyamata anaona ndi maso ao mmene woimba angagwedezere khamu la anthu.

ULENDO WA KU NAIROBI

A Ngozi anayamba kuimba m'timagulu ta mu Lusaka, ndipo loyamba linali la Scorpions. Monga anzao onse a nthawiyo, poyamba anali kubwereza nyimbo za Azungu m'mabala ndi m'maholo. Luso lao litamveka, anaitanidwa ku Nairobi m'dziko la Kenya kukalowa gulu la Musi-O-Tunya, limene linayambitsidwa ndi Rikki Ililonga ndi anzake. Gulu limeneli ndi limodzi mwa magulu oyamba kusakaniza rock ndi ng'oma za kuno. Kumeneko sanakhalitse. Anabwerera kwao ndi maganizo oyambitsa gulu lao-lao, ndipo linachedwa Ngozi Family. Pa ng'oma panali bwenzi lao Chrissy Zebby Tembo, ndipo pa gitala ya besi panadzakhala Tommy Mwale.

Dzina lakuti Ngozi linadza cifukwa ca macitidwe ao pa nsanja. Anali kuimba ngati munthu wogwidwa ndi mizimu, ndipo nthawi zina anali kuliza gitala ndi mano monga anali kucitira Hendrix. Pansi anali kuika kabokosi koponda ndi phazi kochedwa fuzz, kamene kamasasitsa mau a gitala kuti akhale okhakhala ndi aukali. Gulu lao linali la anthu ocepa, gitala, besi ndi ng'oma, koma phokoso lake linali kudzaza holo yonse. Sanali kukometsera nyimbo ndi zoimbira zambiri. Anali kugwira kacigawo kamodzi kakafupi pa gitala, nakabwereza-bwereza mpaka kalowe m'mafupa a womvera, monga woimba ng'oma amagwirira mkokomo umodzi usiku wonse pa gule.

Kaimbidwe kameneka kanapatsidwa dzina lakuti Zamrock, ndiko kunena rock ya ku Zambia. Amene akumbukiridwa kuti anayambitsa dzinali ndi malemu Manasseh Phiri, amene anali kuulutsa nyimbo pa wailesi ndipo pambuyo pake anachuka monga dokotala.

NDOLA, MPHERO YA NYIMBO

Ngakhale a Ngozi anali munthu wa mu Lusaka, mbiri yao siinganenedwe popanda kuchula mzinda wa Ndola. Kumeneko ndiko kunali kampani ya Teal, imene inali ndi makina oumbira mbale za galamafoni. Kumenekonso ndiko kunali Zambia Music Parlour, kampani ya a Edward Khuzwayo, amene analemba oimba ambiri a Zamrock ndi kugulitsa mbale zao. Monga mlimi atenga cimanga cake kupita naco kucigayo, oimba a dziko lonse anali kupita ndi nyimbo zao ku Ndola.

Nchito yake inali yotere. Gulu linali kuyamba lajambula nyimbo pa tepi. Malo ojambulira anali ocepa m'dziko lino: ku Lusaka kunali DB Studios, ku Chingola kunali Malachite, ndipo magulu ena anali kupita mpaka ku Nairobi. Kucokera pa tepi, mau anali kulembedwa pa mbale yacitsulo yokhala ngati cikombole, ndipo cikomboleco ndico cinali kudinda mbale zambiri zogulitsa. Tepi yoyamba ija ndiyo inali mbeu. Ikatayika, nyimbo inali kutsala pa mbale zokha zimene anthu anagula.

Pakati pa zaka za m'ma 1970, Dr Kaunda analamula kuti nyimbo 95 pa 100 ziri zonse zoulutsidwa pa wailesi ya Boma zikhale za oimba a m'dziko lino. Lamuloli linatsegula khomo lalikuru. Oulutsa mau anafuna nyimbo za kuno zokwanira tsiku lonse, makampani a ku Ndola anafuna oimba, ndipo oimba anasiya kubwereza za eni ake nayamba kupeka zao. Ku Kitwe kunali gulu la WITCH lotsogozedwa ndi Emmanuel Jagari Chanda, limene linatulutsa mbale ya Lazy Bones mu 1975. Ku Kitwe komweko kunali Amanaz, amene mbale yao yochedwa Africa inatuluka caka comweco. Ku Chingola kunacokera Keith Mlevhu, amene anali kuliza yekha zoimbira zonse pa mbale zake. M'nyumba za ku Chifubu, Masala, Kabushi ndi Itawa mu Ndola, ndi za ku Chamboli ndi Wusakile mu Kitwe, nyimbo za ana a dziko lino zinayamba kupikisana ndi za ku London.

MBALE ZAO ZOCHUKA

Mu 1976 Zambia Music Parlour inatulutsa mbale ya Ngozi Family yochedwa Day of Judgement, ndiko kunena tsiku la ciweruzo. Pa mbale imeneyi pali nyimbo za Cingerezi monga Hi Babe, koma palinso za Cinyanja monga Tikondane ndi Kumanda kwa Bambo Wanga. Caka cotsatira, 1977, kunatuluka 45,000 Volts, imene inajambulidwa ku Nairobi. Dzina lake likamba za mphamvu ya magetsi, ndipo ndi pamenepa pali Nizakupanga Ngozi ndi Atate. M'nyengo yomweyo anatulutsa The Ghetto, mbale imene yonse ikamba za umoyo wa m'komboni, ndipo pali nyimbo zonga Ulesi Tileke ndi Bamayo. A Ngozi ndiwonso analiza gitala pa mbale ya Chrissy Zebby Tembo yochedwa My Ancestors.

Maina a nyimbozi okha aonetsa kumene mtima wao unali. Oimba a rock a ku Ulaya kawiri-kawiri anali kuimba za maloto ndi zosangalatsa za unyamata. A Ngozi anatenga gitala yomweyo naitembenuzira ku manda a atate, ku ulesi, ku umphawi, ku mai wovutika ndi ana, ndi ku kukhalirana bwino kwa anansi. Nyimbo ija ya Nizakupanga Ngozi, imene inafika ku America, ndi cenjezo kwa munthu wamiseche amene afika panyumba ya mnzake wopanda ulemu. Nkhani yotere iweruzidwa pa bwalo la nyakwawa m'mudzi uli wonse. Iwo anaiika pa gitala ya magetsi.

Apa ndipo pagona kusiyana kwao ndi oimba ambiri a mbadwo wao. Kuliza gitala monga Hendrix anakutha anthu ambiri pa dziko lapansi, ndipo ambiri a iwo anaiwalika cifukwa anali mithunzi cabe ya munthu wina. A Ngozi anabwereka cipangizo, koma nkhani ndi cinenero sanabwereke. Cinyanja cao cinali ca m'tauni, cosakanizika ndi mau a Cingerezi ndi a zinenero zina, cimene aphunzitsi a sukulu sakanacivomereza pa mayeso. Koma cinali cinenero cimene wogulitsa makala, woyendetsa basi ndi mai wa pamsika anali kulankhula, ndipo onsewa anadzimva okha m'nyimbozo. Ndico cifukwa cake anthu anawadziwa monga woimba wodzudzula ndi wolangiza, wosaopa kuchula cinthu ndi dzina lake.

MASIKU A MAVUTO

Ng'oma yolira bwino siicedwa kung'ambika. Nyengo ya Zamrock inali yaifupi, ndipo zimene zinaigwetsa zinali zinai.

Coyamba cinali cuma. Mu 1973 mtengo wa mafuta unakwera pa dziko lonse, ndipo mu 1975 mtengo wa mkuwa unagwa. Popeza ndalama zakunja za dziko lino zinali kucokera pafupi-fupi zonse ku mkuwa, zinthu zinayamba kusowa. Nsambo za gitala, zokuzira mau ndi zipangizo zoumbira mbale zonse zinali zoitanitsa kunja. Munthu wokhala pamzere kuyembekezera unga, sopo ndi mafuta ophikira sakanaika ndalama pa mbale ya nyimbo.

Caciwiri cinali nkhondo ya ufulu wa maiko oyandikana nafe. Dziko la Zambia linasunga omenyera ufulu a ku Rhodesia, ndipo mu October 1978 asilikali a Ian Smith anaponya mabomba pa misasa ya ku Chikumbi ndi ku Mkushi. Pa ciwembu ca ku Mkushi ndi pamene Alick Nkhata anafera. Boma linaika malamulo oletsa kuyenda usiku ndi kuyatsa magetsi, ndipo oimba, amene cakudya cao cinali kucokera m'maholo a usiku, anatsala manja lende.

Cacitatu cinali kusintha kwa zokonda za anthu ndi kwa makina. Kunabwera nyimbo za disco, zimene mwini bala anali kungoliza pa makina osalemba gulu la oimba. M'zaka za m'ma 1980 kalindula anatenga malo pa wailesi. Kunabweranso makaseti, amene munthu ali yense anali kutha kujambula ndi kugulitsa mwakuba, woimba osalandirapo ngakhale ngwee imodzi. Pomaliza makina oumbira mbale a ku Ndola anatsekedwa.

Cacinai, coposa zonse, cinali matenda a Edzi. Mu 1987 Dr Kaunda anauza dziko lonse poyera kuti mwana wao Masuzyo anamwalira ndi matendawa, panthawi imene anthu ambiri anali kuopa ngakhale kuwachula. Mliriwu unakolola mbadwo wa oimba a Zamrock. Mwa amene anayambitsa gulu la WITCH, Jagari Chanda yekha ndiye anatsala.

A Ngozi sanataye gitala m'zaka zovutazi. Anapitiriza kuimba ndi kutulutsa nyimbo m'zaka za m'ma 1980, ndipo nyimbo zao zonga Bauze zinalowa m'kamwa mwa anthu. Keith Mlevhu anamwalira mu 1988, ndipo a Ngozi anamutsatira mu 1989 ali ndi zaka 40. Pambuyo pake mseu wina wa ku Kabwata mu Lusaka unapatsidwa dzina lao.

KUUKA KWA NYIMBO

Kwa zaka zambiri mbale za Zamrock zinali gone m'masutikesi ndi pansi pa mabedi. Zina zinasweka, zina zinapindika ndi dzuwa, zina ana anazisandutsa zoseweretsa. Matepi oyamba a magulu ambiri anatayika. Koma anthu osonkhanitsa mbale zakale a ku Ulaya ndi America anayamba kuzifuna-funa, ndipo kampani ya Now-Again ya ku Los Angeles, yotsogozedwa ndi Eothen Alapatt, inayamba kuzitulutsanso. Mu 2010 inatulutsa nyimbo za Rikki Ililonga ndi Musi-O-Tunya, pambuyo pake za WITCH, Amanaz ndi Ngozi Family, ndipo mu 2017 inasonkhanitsa nyimbo za magulu ambiri pa mbale ziwiri zochedwa Welcome to Zamrock.

Jagari Chanda, amene anali atakhalapo mphunzitsi ndiponso wokumba miyala ya mtengo wapatali, anabwerera pa nsanja. Mu 2019 kunatuluka kanema wofotokoza mbiri ya WITCH, ndipo mu 2023 gululo linatulutsa mbale yatsopano yochedwa Zango. Mu 2022 Sampa the Great, mtsikana wobadwira ku Ndola amene anachuka ku Australia, anaimba nyimbo ya Never Forget yolemekeza oimba a Zamrock. Mu 2023 woimba wa ku America Travis Scott anatenga cidutswa ca nyimbo ya Amanaz, ndipo caka cotsatira inafika nthawi ya a Ngozi.

Nkhaniyi ndi yokondweretsa, komanso iri ndi mbali yocititsa manyazi. Acinyamata ambiri a m'dziko lino anamva dzina la Paul Ngozi koyamba kucokera kwa woimba wa ku America. Cuma cinali m'nyumba, koma anacizindikira ndi mlendo.

ZOYENERA KUCITA

Pali zinthu ziwiri zimene awerengi ayenera kudziwa. Coyamba ndi ca mbale zakale. Anthu ambiri amene anagwira nchito ku Migodi ndi ku Lusaka m'zaka za m'ma 1970 anabwerera kumudzi atapuma, ndipo ena anabwera ndi galamafoni ndi mbale zao. Popeza matepi oyamba ambiri kulibe, mbale yotere ikhoza kukhala imodzi mwa zocepa zotsala za nyimbo imeneyo. Iyenera kusungidwa coimirira, m'cikuto cake, kutali ndi dzuwa, moto ndi cinyezi. Wofuna kuigula akafika, mwini asafulumire kuipereka pa mtengo wa nkhuku asanafunse kwa odziwa.

Caciwiri ndi ca ufulu wa woimba. Lamulo la dziko lino la mu 1994 loteteza eni nyimbo ndi mabuku likuti nyimbo ndi cuma ca woipeka pa moyo wake wonse, ndiponso kwa zaka 50 iye atamwalira. Motero nyimbo za a Ngozi zikhala zotetezedwa kufikira caka ca 2039. Nyimbo ndi colowa monga munda kapena ng'ombe, ndipo ana ndi akazi amasiye a oimba ali ndi gawo pa phindu lake. Bungwe la ZAMCOPS ndilo linakhazikitsidwa kuti lizisonkhanitsa ndalama zotere m'malo mwa oimba. Mnyamata wopeka nyimbo lero, kaya ndi ku Chadiza kaya ndi ku Nyimba, acite bwino kulembetsa nyimbo zake ndi kuwerenga pangano liri lonse asanasaine.

Kwa acinyamata omwewo palinso phunziro la kaimbidwe. Lero zipangizo zasintha, nyimbo zijambulidwa pa kompyuta ndi kutumizidwa pa foni, ndipo ciyeso ca kutsanzira oimba akunja ncacikuru kuposa kale. A Ngozi sanakane zakunja. Anatenga gitala ya Hendrix ndi manja awiri, koma anaiuza nkhani za ku Chibolya m'Cinyanja ca ku Chibolya. Tyler atafuna mau oika m'nyimbo yake, anali ndi oimba a Cingerezi osawerengeka oti asankhepo. Anasankha mwamuna wodzudzula mnansi wamiseche m'Cinyanja.